Mmene mungatolerere data ya zaumoyo pa foni mliri ukavuta

Mliri ukangobuka anthu amathamangira zoti tipange app yatsopano, chonsecho ma app otolerera data alipo kale ndipo ena ndi aulele. KoboToolbox ndi ODK amagwira pa foni wamba ya Android, mumadzaza fomu olo kulibe netiweki kenako imakatumiza pa seva mukafika pomwe pali intaneti. WHO ili ndi Go.Data yolondolozera anthu amene anakhudzana ndi wodwala, palinso DHIS2, pulogalamu yosungira ndi kusanthula data ya zaumoyo ya ku yunivesite ya Oslo, yomwe maunduna ambiri a zaumoyo akugwiritsa kale ntchito. Ngati akwanu ali pa DHIS2 musavutike kuyambitsa zanuzanu, data yanu idzangokhala payokha osalumikizana ndi ya anzanu.

Pomwe pagona ntchito ndi pa fomu. Funso lililonse musanaliike dzifunseni kuti yankho lake likabwera achitepo kanthu ndani, ngati palibe lichotseni basi, munthu amene akuphwanya m'thupi sangakhale nanu mpaka funso la 60. Zosaphonya ndi zaka, kaya ndi wamwamuna kapena wamkazi, dera lomwe akukhala, zizindikiro, ngati anayezetsa, anthu omwe anakumana nawo, ndiye chachikulu tsiku lomwe anayamba kudwala. Ambiri amangolemba tsiku lomwe amupeza koma limenelo limangosonyeza mmene inu mwayendera, pomwe tsiku loyamba kudwala ndi lomwe limakuuzani poyambira kusaka okhudzana naye. Pa Covid-19 ankabwerera masiku 2 zizindikiro zisanayambe ndipo poyamba penipeni okhudzidwawo ankawatsatira masiku 14, pa Ebola ndi masiku 21, ndiye fomu yanu igwirizane ndi matenda omwe abukawo.

Malo oti munthu azilemba yekha achepe kwambiri. Wina alemba chifuwa, wina kutsokomola, wina kukhosomola, kompyuta iwerenga ngati zinthu zitatu zosiyana ndipo amene adzayeretse data imeneyo adzakutukwanani mumtima. Ikani mayankho oti azingosankha. Mu XLSForm, fayilo ya Excel yopangira fomu yomwe Kobo ndi ODK amagwiritsa ntchito, muli kolamu ya constraint, pamenepo muuze fomu kuti ikane zaka zopitilira 120, ikane tsiku lomwe lisanafike, ikanenso kutentha thupi kwa 385 pomwe munthu amafuna kulemba 38.5, chala chimaphonya kadontho makamaka ukatopa. Kolamu ya relevant ndi yobisira mafunso osamukhudza munthuyo, funso la mimba lisatulukire abambo. Wodwala aliyense akhale ndi nambala yake imodzi, ngati nkotheka ya QR yongosikana, apo ayi munthu mmodzi alembedwa kawiri ndi magulu awiri, odwala nkuoneka ochuluka kuposa mmene aliri.

Fomu isanapite kwa onse iyeseni ndi anthu ochepa, panja padzuwa, atavala magolovesi, netiweki mutathimitsa. Foni ikhale mu kapulasitiki koonekera, muzipukuta ndi mankhwala a alcohol wa 70%, ndipo musampatse wodwala kuti aigwire. Pawabanki musaiwale, GPS imadya batire koopsa.

Nkhani ya chinsinsi ndiye musaiseweretse. Muuzeni munthu chomwe mukulembera, amene aone, ndipo avomere kaye. Foni ikhale ndi pasiwedi, encryption ya fomu (yokhoma mayankho kuti asawerengedwe ndi wopanda kiyi) iyatsidwe, wotolera aliyense akhale ndi akaunti yake, ndipo zotumiza ma screenshot a mayina a odwala pa gulu la WhatsApp zisakhalepo ngakhale bwana atafulumiza bwanji. Kumbukiraninso kuti GPS ya pakhomo pa munthu ndi chimodzimodzi dzina lake, kufufuta dzina nkusiya GPS simunabise kanthu. Ku Singapore anakhazikitsa app yolondolozera okhudzana ndi odwala Covid-19 ya TraceTogether mu March 2020 nkuwauza anthu kuti ndi ya mliri basi, mu January 2021 boma linavomera kuti apolisi atha kugwiritsa ntchito data imeneyo ndipo anthu anakwiya. Ku Norway app ya Smittestopp anaiimitsa mu June 2020 nkufufuta data chifukwa imatolera zambiri za komwe anthu akuyenda. Anthu akasiya kukukhulupirirani amayamba kukupatsani nambala za foni zabodza, ndipo palibe constraint ingagwire zimenezo.

Za ma app a Bluetooth a nthawi ya Covid-19 omwe ankatsata njira ya Apple ndi Google, amenewo ntchito yake inali kuchenjeza munthu kuti anayandikana ndi wodwala, mayina kapena malo sankapereka, ndiye ma app otere musawadalire pa kafukufuku. Ma app oti anthu azinena okha mmene akumvera nawonso amangokuonetsani za omwe ali ndi smartphone ndi bandulo, okalamba ndi osauka omwe mliri umawapweteka kwambiri sapezekamo mokwanira.

Madzulo aliwonse pakhale munthu mmodzi wodziwika amene ntchito yake ndi kufananitsa mafomu omwe atumizidwa ndi omwe afika pa seva, kusaka obwereza, ndi kuimbira wotolera tsiku lomwelo akadakumbukira. Ku England mu October 2020 zinadziwika kuti anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 sanalowe mu chiwerengero chifukwa fayilo ya Excel ya mtundu wakale inadzaza mizere nkumangotaya otsalawo osachenjeza, okhudzana nawo nkuchedwa kuwatsatira. Ndiye olo dashboard (sikirini yoonetsa ziwerengero mwachidule) ikuoneka bwino, werenganibe mizere, ndipo mndandanda wa oti awatsatire mawa ufike kwa azaumoyo usiku womwewo.