Mmene mungadziwire mwala poona kanyezimiridwe kake

Ambirife tikatola mwala timathamangira kuona mtundu, koma mtundu umapusitsa abale. Quartz yemweyo mumpeza woyera, wapinki, wapepo, mwinanso wakuda. Chomwe sichisinthasintha wamba ndi mmene mwalawo ukubwezera kuwala.

Yambani ndi kuutsuka, mukwecheko ndi kamswachi kakale, kenako udikireni uume gwa. Mwala wonyowa uliwonse umang'anima ngati galasi ndiye mungodzinamiza nokha. Ngati kunja kwake kwachita dzimbiri benthulaniko kachidutswa ndi hamala muone mkati momwe mvula ndi mphepo sizinafike, koma maso mutchinge, tizidutswa timauluka moipa. Mukatero imani padzuwa kapena yatsani tochi ya foni, muziutembenuza pang'onopang'ono.

Funso loyamba ndi loti ukuwala ngati chitsulo kapena ayi? Galena ndi pyrite amawala ngati chitsulo chopukuta, kuwala sikudutsa mkati, kumangomenya pamwamba nkubwerera, olo kachidutswa kapyapyale bwanji simungaone kuseri. Enawa osawala ngati chitsulo ndiye ali mitundumitundu. Quartz amawala ngati botolo losweka. Dayamondi amathobwa m'maso chifukwa amabweza pafupifupi 17 peresenti ya kuwala komwe kwamugwera pomwe galasi wamba limabweza 4 basi. Sphalerite amakhala ngati utomoni wouma, talc ngati wapakidwa mafuta ndipo kumugwira amaterera ngati sopo, gypsum wa ulusiulusi uja amanyezimira ngati nsalu ya silika. Kaolin iye ayi, amangoti mbuu ngati choko.

Apa pokha ndichenjeze, kunyezimira kokha sikuthetsa nkhani. Pyrite wanamiza anthu ochuluka kuti apeza golide poti onse ndi achikasu, onse amawala ngati chitsulo. Tengani tailosi yoyera muitembenuze kuseri kokhakhala kuja, mukhutizepo mwalawo mwamphamvu. Golide amasiya mzere wachikasu, pyrite wakuda wobiriwirira. Pa sikelo ya Mohs, yomwe imayeza kulimba kwa miyala, golide ali pa 2.5 mpaka 3, nsonga ya mpeni imamukanda ndipo mukamumenya amangophwatalala, pomwe pyrite ali pa 6 mpaka 6.5, mpeni umangoterereka, hamala ikamupeza amaphwanyika nyenyenye.

Wina wosokoneza mutu ndi hematite, pena amawala ngati chitsulo pena amangooneka ngati dothi lofiira, koma pa tailosi paja mzere wake umatuluka wofiirira nthawi zonse.