Momwe mungafufuzire mbiri ya zisankho za dera la phungu ku Nepal

Wophunzira wina wa ku Chirunga kuno ku Zomba adandionetsa kope momwe adandandalika aphungu a dera la Jhapa 5 ku Nepal kuyambira 1991 mpaka 2022, ndipo adali wokondwa kuti ntchito yatha. Nditamufunsa ngati dera la Jhapa 5 la mu 1999 ndi malo omwewo a Jhapa 5 ya mu 2017, adangogwira pakamwa. Aliyense wofuna kulemba mbiri ya dera la phungu m'dzikolo ayambe ndi funso limeneli asanalembe dzina la phungu ngakhale mmodzi.

Kwathu kuno madera ali ndi mayina monga Zomba Malosa, koma ku Nepal dera limatchulidwa ndi dzina la boma ndi nambala, ndipo nambalayo imasamuka malire akadulidwanso. Pa zisankho za 1991, 1994 ndi 1999 madera adali 205. Pa zisankho za 2008 ndi 2013, zomwe zinali zosankha nyumba yolemba malamulo oyendetsera dziko, madera adafika 240, kenaka malamulo a 2015 adawachepetsa kufika pa 165, kuyambira pa chisankho cha 2017. Boma la Jhapa lidali ndi madera 7 mu 2013 ndipo lidatsala ndi 5, n'chifukwa chake K. P. Sharma Oli, yemwe adakhalapo nduna yaikulu ya dzikolo, adapambana ku Jhapa 7 mu 2013 koma ku Jhapa 5 mu 2017 ndi 2022, pomwe mu 2008 adagonja. Choncho gawani kope lanu m'nyengo zitatu zimenezi, ndipo pamwamba pa nyengo iliyonse lembani matauni ndi midzi yomwe inali m'deralo. Mavoti a nyengo ziwiri zosiyana musawaike pa mzere umodzi ngati malire sakufanana.

Ngati mukuyamba kumene, ndingakulangizeni kusankha boma lomwe lonse ndi dera limodzi. Dadeldhura, kumadzulo kwenikweni kwa dzikolo m'chigawo cha Sudurpashchim, ndi chitsanzo chabwino, pakuti Sher Bahadur Deuba wa chipani cha Nepali Congress adapambanako maulendo 7 otsatizana kuyambira 1991 mpaka 2022. Pamalo otere dzina la wopambana silikuuzani zambiri, ndipo nkhani yeniyeni ili pa amene adakhala wachiwiri, chipani chake, ndi kusiyana kwa mavoti awo chisankho ndi chisankho.

Ziwerengero zitengeni ku bungwe loyendetsa zisankho la dzikolo, Election Commission Nepal, ndipo zomwe mwapeza m'nyuzipepala muzifananitse ndi za bungwelo. Apa pali misampha iwiri. Zikalata zambiri zidalembedwa m'zilembo za Devanagari, manambala omwe, kotero lembani manambala khumi amenewo pa tsamba loyamba la kope, chifukwa 1 yawo imaoneka ngati 9 yathu. Msampha wina ndi kalendala ya Bikram Sambat, yomwe chaka chake chimayamba pakati pa Epulo. Chisankho cha 2079 ndi cha 2022, cha 2074 ndi cha 2017, chifukwa mumachotsera 57, koma tsiku likagwa pakati pa Januwale ndi pakati pa Epulo mumachotsera 56, monga chisankho cha pa 10 Epulo 2008 chomwe chimalembedwa kuti cha 2064.

Kumbukiraninso kuti kuyambira 2008 wovota amaponya voti yosankha munthu ndi ina yosankha chipani. Mwa aphungu 275 a Nyumba ya Malamulo yotchedwa Pratinidhi Sabha, 165 amachokera m'madera pomwe 110 amalowa malinga ndi mavoti a zipani m'dziko lonse. Lembani mavoti a mitundu iwiriyi m'mizere yosiyana, pakuti voti ya chipani ndiyo imaulula mphamvu zenizeni za chipani m'deralo pamene zipani zagwirizana kusiyirana madera. Mu 2017 chipani cha CPN-UML chidapanga mgwirizano ndi cha Maoist Centre, koma mu 2022 Maoist Centre idali mbali imodzi ndi Nepali Congress, kotero mavoti a munthu mmodzi akhoza kukwera kapena kutsika popanda anthu a m'deralo kusintha maganizo pa iye. Ife amene tidaona mgwirizano wa Tonse mu 2020 sitingavutike kumvetsa zimenezi.

Mayina a zipani nawo alembeni monga adalili pa tsiku la chisankho. UML ndi Maoist Centre zidaphatikizana mu 2018 kukhala Nepal Communist Party, ndipo bwalo lalikulu la milandu lidathetsa kuphatikizanako mu 2021, moti phungu mmodzi amaoneka ngati adasintha chipani kawiri chikhalirecho sadachoke. Pansi pa tsamba lililonse siyani mpata wa zisankho zapadera, chifukwa mu 2008 Deuba adapambana ku Dadeldhura komanso ku Kanchanpur 4, ndipo mpando womwe adausiya udafuna chisankho china.