Laputopu ya kopaletivu isamangolowa yokha popanda pasiwedi

Masabata atatu apitawa ndakhala ndikuzungulira m'mashedi momwe makopaletivu akulandilira soya ndi mtedza kwa mamembala, ndipo pali chinthu chimodzi chomwe chandisowetsa mtendere mpaka ndati ndilembe. Pafupifupi paliponse pomwe ndafika, laputopu ya gulu ukangoiyatsa imangolowa yokha mpaka pa desktop, osafunsa kanthu. Mu laputopu yomweyo ndi momwe muli Excel ya maina a mamembala, makilogalamu omwe aliyense wabweretsa, ngongole za feteleza ndi mbewu, manambala a Airtel Money ndi Mpamba olipirira anthu, zonse. Pa chitseko cha shedi mwaikapo maloko awiri, kiyi wina ali ndi atcheya wina ali ndi msungichuma, zabwino zimenezo, koma kaundula yemwe akunena kuti matumba ali mkatimo ndi a ndani mwangomusiya pa tebulo kuti aliyense agwire.

Zimachitika m'njira ziwiri. Pena amene anaika Windows atafika pofunsa pasiwedi anangosiya kabokosi kopanda kanthu n'kudina Next. Pena pasiwedi inalipo koma wina anatopa nayo, anapita kwa mnyamata wokonza makompyuta pa tauni, iye n'kulowa mu netplwiz, malo a mu Windows okonzera maakaunti, n'kuchotsa kachongi kokakamiza munthu kulemba pasiwedi, basi makina ayamba kudzilowetsa okha. Kwa munthu woipa mtima ziwirizi n'chimodzimodzi.

Ndikafunsa chifukwa chake mayankho ndi omwewo chaka ndi chaka, "alangizi ife timakhulupirirana", "pasiwedi timaiwala". Abale anga, PIN ya pa foni yanu yotapira ndalama simuiwala bwanji? Ndipo kukhulupirirana komwe mukunenako ndi kumene kumayamba kufa nambala imodzi ikasintha, chifukwa aliyense akulowa pa akaunti imodzi yomweyo, mlembi, atcheya, mwana wa mlembi woonera mafilimu usiku, mlendo wopempha kukopera nyimbo pa fulashi, ndiye palibe njira yodziwira kuti anasintha ndani. Kuonjezera apo akaunti imeneyo nthawi zambiri imakhala ya Administrator, munthu akhoza kuika pulogalamu iliyonse kapena kufufuta chilichonse. Gmail ya gulu ili chitsegukire mu Chrome, WhatsApp ya mlembi ili yolumikiza pomwepo, ndiye wina akhoza kulembera wogula mbewu m'dzina la gulu n'kumupatsa nambala ina yoti atumizeko ndalama. Mapasiwedi osungidwa mu Chrome nawonso chomwe chimawatchinga munthu akafuna kuwaona ndi pasiwedi ya Windows, yomwe ena mwa inu mulibe.

Pa gulu lina mayi wina wachikulire anandigwira mkono ndikukwera njinga. "Alangizi, soya uja ndinamenya ndekha, ndinapeta ndekha, matumba 14 ndinawerenga akukwera pa ngolo, lero akuti mu kompyuta muli 11." Anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa kalisiti ka pa sikelo kopindapinda, kothimbirira ndi thukuta, pakuoneka 14 bwinobwino. Matumba atatu a makilogalamu 50 ndi sukulu fizi imeneyo. Ndalama zawo analandira chifukwa cha kapepalako, koma mlembi, mtsikana wolimbikira ntchito, anatchulidwa wakuba pamaso pa anthu pansi pa mtengo wa mango ndipo anatula pansi udindo tsiku lomwelo akulira. Mwina anali iye, mwina mphwake amene amasewera magemu pa laputopuyo anadina molakwika, mwina wina wa mu komiti. Mpaka lero palibe angaloze chala motsimikiza, ndipo mamembala angapo atengera soya wawo kwa mavenda pa mtengo wolira poopa kuberedwa. Mayi aja akuti chaka chamawa abwerera ku buku la hadikava, kompyuta ayi. Zinandiwawa kwambiri chifukwa vuto silinali kompyuta.

Ndipo musandiuze zoti laputopu imagona kwa atcheya ndiye ndi yotetezeka. Kwa atcheya kulinso ana ndi alendo ngati kwa aliyense.

Kukonza kwake sikutenga ngakhale mphindi 10. Pitani pa Settings, Accounts, Sign-in options, pa Password dinani Add, ikani mawu ataliatali oti mukumbuke, osati 1234 kapena dzina la kopaletivu. Ngati ndi ija yodzilowetsa yokha, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani netplwiz, bwezerani kachongi pa mawu oti Users must enter a user name and password. Oopa kuiwala tengani fulashi mupange password reset disk, yothandiza kuika pasiwedi yatsopano mukaiwala, mu Control Panel pa User Accounts, muitsekere mu bokosi la ndalama limodzi ndi pasiwedi yolembedwa mu envelopu yomata. Mlembi akhale ndi akaunti yakeyake, ena onse ofuna kugwiritsa ntchito muwatsegulire ina ya Standard, yomwe ilibe mphamvu za Administrator. Mukamadzuka kupita pa sikelo dinani Windows ndi L, imatseka pompo. Pasiwedi siiletsa wakuba wodziwa kuchotsa hard disk n'kuwerenga mafayilo pa makina ena, ndiye Excel ija muziikopera pa fulashi madzulo aliwonse ndipo malisiti a pa sikelo musasiye kupereka. Ndikamabweranso kudzaona za mtedza ndidzayamba ndayatsa laputopu ndisanalowe mu shedi.