Duwa lachikasu la zikhadabo za mphaka: lizindikireni lisanakuphereni mitengo

Alimi anzanga, ndi inu amene mumasamalira maluwa m'nyumba za anthu, pali chomera choyanga chimene ndikufuna muchidziwe ndi maso ndiponso ndi chala. Angerezi amachitchula cat's claw creeper, akatswiri a zomera amati Dolichandra unguis-cati. Kwawo ndi ku Central America ndi South America. Anthu anachitenga kumeneko chifukwa cha maluwa ake, koma m'maiko otentha chinadumpha mpanda n'kulowa m'nkhalango ndi m'mbali mwa mitsinje.

Musadikire maluwa kuti muchizindikire, chifukwa miyezi yambiri chimakhala chobiriwira basi. Gwirani tsamba. Masamba amatuluka awiri moyang'anizana, ndipo lililonse lili ndi timasamba tiwiri. Pakati pa timasambato pamatuluka kachingwe ka nsonga zitatu zopindika, zakuthwa ngati zikhadabo. Pititsanipo chala, mumva zikukukolani. N'zimene chimakwerera khungwa la mtengo ngakhale khoma la njerwa.

Maluwa amabwera kukatentha, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala: achikasu chowala, ooneka ngati lipenga. N'ngokongoladi, sindingakane, n'chifukwa chake anthu amachimvera chisoni. Akayoyoka pamabwera zitheba zazitali, zopyapyala ngati lamba, zina zopitirira masentimita 30. Zikauma zimasweka, njere za timapiko topepuka n'kumwazika ndi mphepo kapena madzi.

Ambiri amachisokoneza ndi Pyrostegia venusta, duwa lija limadzaza mipanda m'nyengo yozizira. Nalonso lili ndi kachingwe ka nsonga zitatu, koma kamangodzikulunga m'malo mokola, ndipo maluwa ake ndi a mtundu wa lalanje. Allamanda ndi yachikasu, koma mukaithyola imatuluka utomoni woyera ndipo ilibe zikhadabo.

Vuto lenileni lili pansi. Kumbani pa tsinde, mupeza timbatata tolumikizana ndi mizu, ndipo kalikonse kotsala m'nthaka kamaphukanso. Pamwamba chimaphimba mtengo wonse, dzuwa osafika pa masamba, nthambi n'kumathyoka ndi kulemera. Pansi chimayala ngati mphasa, mbande za mitengo osamera. Mango amene agogo anabzala angathe kufa chiimire.

Mukachipeza chili chaching'ono, kumbani ndi khasu, mutole timbatata tonse, muumitse kenako mutenthe. Musataye kudzala kapena kumtsinje. Chikakhala chachikulu, dulani tsinde lililonse pafupi ndi nthaka, ndipo nthawi yomweyo pakani mankhwala opha zomera a glyphosate pa chitsa chisanaume, mutavala magolovesi ndi kutsata zolembedwa pa botolo. Zapamwambazo musakoke, mungathyole nthambi. Zisiyeni ziumire momwemo. Bwererani pamalopo mvula ikagwa, ndipo chaka chamawa bwereraninso, chifukwa kudula kamodzi sikukwanira.

Abale amene mumagwira ntchito ya m'maluwa ku South Africa, dziwani kuti kumeneko lamulo linachiika m'gulu la 1b: sichiloledwa kubzalidwa kapena kugulitsidwa, ndipo mwini malo ayenera kuchithetsa. Kuyambira 1999 dzikolo lakhala likumasula tizilombo todya masamba ake. Bwana akakuuzani kuti muchisiye, afotokozereni mwaulemu za lamulolo. Ndipo chonde, pobwera kumudzi musanyamule njere zake m'chikwama.