Bondo Likamapweteka, Musalange Impso

M'nyengo yotentha, pali vuto lomwe limaoneka mobwerezabwereza pakati pa achikulire omwe amamwa mankhwala a BP: miyendo kutupa, mkodzo kuchepa, BP kukwera chikhalirecho mankhwala akumwa osadumphitsa. Ukafunsa kuti, "Agogo, pali mankhwala ena omwe mukumwa?" amakana. Ukafunsa kuti, "Nanga bondo likamapweteka mumatani?" m'pamene amatulutsa kapepala ka Brufen, kena ka diclofenac, mwinanso Indocid. Kwa iwo amenewa si mankhwala oti n'kumuuza dokotala, ndi toziziritsa ululu chabe.

Brufen, yemwe dzina lake lenileni ndi ibuprofen, pamodzi ndi diclofenac ndi Indocid, onsewa ndi a banja limodzi lotchedwa NSAID. Amaletsa thupi kupanga prostaglandin, yomwe imachititsa kuti bondo litupe ndi kupweteka. Koma prostaglandin yomweyo ndi imene imatsegula kamtsempha kolowetsa magazi m'timasefa ta impso. Mukaitsekereza pabondo, mwaitsekerezanso kuimpso, piritsi silisankha.

Tsono taganizirani wachikulire yemwe akumwa mankhwala awiri a BP, enalapril ndi aja okodzetsa aja otchedwa hydrochlorothiazide. Okodzetsawo amachepetsa madzi m'thupi. Enalapril amamasula kamtsempha kotulutsa magazi m'kasefa. Awiriwa paokha ndi abwino, dokotala amawapereka akudziwa. Pakabwera Brufen n'kufinya kamtsempha kolowetsa, ndiye kuti magazi achepa, polowera paphinjika, potulukira pali pululu. Kasefako kasefa magazi ndi mphamvu iti? Onjezani thukuta la tsiku lonse, kusamwa madzi chifukwa ludzu la wokalamba limachedwa kumveka, kapena kutsegula m'mimba kwa masiku awiri. Impso zimatha kufooka m'masiku ochepa chabe. Ndipotu mphamvu ya impso imayamba kutsika pang'onopang'ono munthu akapitirira zaka 40, choncho wa zaka 70 alibe yapadera yoti n'kuseweretsa. Kwa odwala shuga omwe amamwa metformin nkhani imakula, chifukwa mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso, ndipo zikafooka amaunjikana m'magazi.

Mankhwala a ululuwa amachititsanso thupi kusunga mchere ndi madzi, n'chifukwa chake akakolo amatupa ndipo BP imakwera. Dokotala yemwe sanauzidwe za Brufen amaona ngati mankhwala a BP achepa mphamvu, ndiye amawonjezera ena. Munthu uja mapiritsi amuchulukira popanda chifukwa. Akasiya a ululu aja BP imatha kutsika kwambiri, kudzuka pampando chizungulire, n'kugwa. Wodwala mtima yemwe anali bwinobwino amayambanso kubanika akagona chagada.

Mlimi wina wa zaka zoposa 70 ankamwa Brufen m'mawa asanapite kumunda, madzulo diclofenac yemwe anapatsidwa ndi mnzake, ati wa m'mawa ndi wa bondo, wa madzulo ndi wa msana. Anachita zimenezi pafupifupi milungu itatu. Chimbudzi chitayamba kuda anati mwina ndi zomwe anadya. M'mimba simunkapweteka ayi. Anatengeredwa kuchipatala atakomoka pamzere, magazi atachepa kwambiri, ndipo ntchito yomwe ankailimbira ija inatsala yosatha.

Chizolowezi chogawana mapiritsi ngati mbewu chatikwana. Mapiritsi omwe anamuthandiza mwana wanu wa zaka 30 sali chimodzimodzi m'thupi mwanu, gogo. Ndipo Brufen ndi diclofenac si mankhwala awiri osiyana oti wina apite kubondo wina kumsana. Mukawaphatikiza ululu suchepa kawiri, chomwe chimakula ndi ngozi. Prostaglandin ija imatetezanso m'kati mwa chifu kuti asidi asachiotche, ndiye ikasowa pamabuka chilonda, ndipo kwa okalamba chilondacho chimatha kukha magazi osapweteka n'komwe. Ngati munthu akumwa kale aspirin wa 75 mg wa mtima, warfarin woletsa magazi kuundana kapena prednisolone wochepetsa kutupa, ngoziyo ndi yaikulu koposa. Ambiri amadzilimbitsa mtima kuti, "Ine ndimayamba ndadya." Kudya kumachepetsa kutentha pamtima, koma mankhwalawa amafika kuchifu ndi kuimpso kudzeranso m'magazi. Ngakhale omeprazole amateteza chifu chokha, impso sazitchinjiriza.

Nanga ululuwo muupirire? Ayi. Yambani ndi paracetamol, uja timati Panado: mapiritsi awiri a 500 mg, padutse maola osachepera 4 musanamwenso, ndipo asapitirire 8 pa maola 24. Amene sakwana makilogalamu 50, odwala chiwindi ndi omwa mowa kwambiri azimwa piritsi limodzi mpaka dokotala awauze mlingo wawo. Werengani mapaketi a mankhwala a chimfine, ambiri muli paracetamol kale. Diclofenac wopaka pabondo amalowa m'magazi pang'ono chabe poyerekeza ndi womeza, komabe funsani kaye ngati impso zili kale ndi vuto. Kuthowa ndi nsalu yofunda kwa mphindi 15 kumathandiza bondo louma m'mawa.

Bondo la nyamakazi likamangokhala limaumiratu. Limbitsani ntchafu: dzukani pampando n'kukhalanso osagwira, kakhumi, kawiri kapena katatu patsiku. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, m'malangizo ake a 2020 linati a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa thupi zapakatikati, monga kuyenda ndawala, mphindi 150 mpaka 300 pamlungu, ndipo masiku atatu kapena kuposerapo azichitanso zolimbitsa minofu ndi zothandiza kuti asamadzandire. Ndodo igwidwe kudzanja la mbali yomwe bondo silipweteka. Ntchito yolemetsa muzigwira kusanatenthe, madzi ali pafupi.

Mankhwala a BP musawasiye panokha, olakwa si amenewo. Koma mukayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, funsani kuchipatala tsiku lomwelo ngati enalapril, okodzetsa ndi metformin muwaimitse kaye. Popita kukatenga mankhwala, nyamulani onse m'thumba limodzi, ogula nokha, opatsidwa ndi anzanu ndi azitsamba omwe, ndipo ngati mwakhala mukumwa a ululuwa kwa milungu, pemphani kuti akuyezeni creatinine m'magazi, yemwe amasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito. Chimbudzi chakuda ngati phula, masanzi a magazi, mkodzo kuchepa kwambiri, kubanika kapena kusokonezeka mutu mwadzidzidzi, zimenezi si zodikira kuche, wodwalayo apite kuchipatala nthawi yomweyo.