Kupeza gulu la anzanu ofuna kusiya mowa

Ambiri amene mowa unawalowerera analumbirapo kale kuti basi asiya. Wina amalumbira pa Chaka Chatsopano, wina atagona m'chitokosi cha apolisi, wina mayi a kunyumba atamanga katundu. Pakapita masabata awiri, malipiro akangotuluka kapena ndalama za fodya zikalowa, munthu uja timamupezanso pa benchi yake yomwe ija kwa mayi wotcheza kachasu. Sikuti ankanama polumbira. Kungoti nthawi yonse imene ankakhala kumowa, kuyambira dzuwa litapendeka mpaka usiku, tsopano yasowa chochita, ndipo anzake onse ocheza nawo ali komweko. N'chifukwa chake timalangiza kuti wofuna kusiya apeze anthu ena amene akulimbana ndi chibaba chomwecho, azikumana nawo sabata iliyonse.

Koma musanafunefune gulu, dziyeseni kaye. Ngati mumadzuka manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, ndipo simungagwire khasu kapena chiwongolero musanamweko pang'ono, musasiye mwadzidzidzi muli nokha kunyumba. Thupi lozolowera mowa tsiku ndi tsiku likamanidwa mowawo kamodzinkamodzi, munthu amatha kugwa ngati wakhunyu, kubwebweta, kapena kuona zinthu zomwe palibe, makamaka pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Zimenezi zimapha. Achibale ambiri amathamangira kwa sing'anga poganiza kuti walodzedwa, pomwe akufunika mankhwala a kuchipatala. Pitani kuchipatala cha boma, mukawauze moona kuchuluka kwa mowa umene mumamwa, osachepetsako mabotolo chifukwa cha manyazi.

Kuchipatala komweko n'kumenenso kuli poyambira kufunsa za magulu. Funsani namwino kapena kilinikala ofisa woona za matenda a maganizo. Kumudzi, mlangizi wa zaumoyo akhoza kukulozerani kwa iwo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu amene agwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo chipatala cha Zomba Mental nachonso chimalandira odwala otere. Musaope dzina la chipatalacho. Kupitako sikutanthauza kuti mwapenga. Funsaninso abusa, ansembe kapena mashehe, chifukwa magulu ambiri otere amabwereka chipinda kutchalitchi ngakhale kuti si a mpingowo.

Gulu lodziwika kwambiri padziko lonse ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA. Linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America, pamene zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, anapeza kuti kukambirana awiriwo kunkawathandiza kudziletsa kusiyana ndi kulimbana yekhayekha. Mfundo zake n'zosavuta. Kuti mulowe, chofunika n'chimodzi: kufuna kusiya kumwa. Palibe ndalama yolembetsera. Amangoyendetsa mbale kuti wofuna aponyemo ya tiyi kapena ya chipinda. Mumatchula dzina loyamba lokha, ndipo tsiku loyamba mukhoza kungokhala chete n'kumamvetsera. Salumbiritsa munthu kuti sadzamwanso moyo wake wonse. Amati tisamwe lero lokha, za mawa tidzaziona mawa. Pakapita nthawi mumasankha mnzanu amene wakhala nthawi yaitali osamwa, woti muzimuimbira foni chibaba chikakugwirani Lachisanu madzulo. Kwa ine, nambala ya munthu ameneyu ndi yofunika kuposa msonkhano weniweniwo.

Magulu a AA amapezeka kwambiri m'mizinda. Abale amene ali ku Johannesburg, Cape Town kapena London angawapeze mosavuta pofufuza pa intaneti. Kuyambira mu 2020, nthawi ya Covid-19, misonkhano yambiri imachitikanso pa Zoom, ngakhale yambiri ndi ya m'Chingerezi ndipo imadya bandulo.

Mukapeza gulu, la AA kapena la kumpingo, lionetsetseni. Kodi zimene munthu waulula zimathera m'chipindamo, kapena mawa zamveka kuchigayo? Kodi aliyense amapatsidwa mpata, kapena pali bwana mmodzi wolalikira ola lonse? Nanga amene waterereka n'kumwanso amamulandira bwanji? Gulu limene limamuchititsa manyazi ndiye kuti lamubweza kushabini. Thawani msanga gulu lokuuzani kuti musiye ma ARV kapena mankhwala ena a kuchipatala, komanso logulitsa madzi kapena zitsamba zoti "zimachotsa mowa m'magazi". Koma musaweruze ndi ulendo umodzi wokha. Tsiku loyamba aliyense amaona ngati walowa malo olakwika, choncho pitani kangapo musanaganize zoleka.

Amayi, ana ndi makolo a munthu womwa nawonso amatopa. Kwa iwo kuli Al-Anon, gulu limene linayamba mu 1951, kumene amaphunzira kuleka kumubisira munthu zolakwa zake, monga kumulipirira ngongole za kumowa kapena kukamunamizira kuntchito kuti wadwala malungo.

Nanga kumudzi kumene kulibiretu gulu? Yambitsani. Anthu awiri kapena atatu akukwana. Pemphani kalasi kusukulu kapena chipinda kutchalitchi, kutali ndi msika ndi mabala. Tsiku ndi ola zisamasinthesinthe, ndipo musankhe nthawi yomwe kale munkakhala muli kumowa, monga Loweruka madzulo kapena tsiku la msika. Ola limodzi ndi lokwanira. Aliyense afotokoze za iye mwini, momwe sabata yamuyendera, popanda womudula mawu kapena kumudzudzula. Otsogolera azisinthana, ndipo nkhani zobwereketsana ndalama zisalowemo, chifukwa ngongole imabalalitsa magulu mwachangu. Wina akabwera atamwa, akhale pansi amvetsere, adzayankhule sabata yamawa. Mudziwitsenso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu za gululo, kuti wina akayamba kunjenjemera kapena kunena zodzipha, mudziwe kothamangira naye tsiku lomwelo.