Kuchoka ku consultancy kapena IT kulowa mu venture capital: poyambira pake

Achinyamata angapo omwe anaphunzira ku MUST pa Ndata pano, komanso ena ochita za consultancy ku Blantyre, akhala akundifunsa njira yolowera mu venture capital. Ambiri amafunsa kotumiza CV asanamvetse kuti ntchitoyo ndi yotani. Tiyeni tiyambire poyambira.

Choyamba, dziwani mmene ndalamazo zimayendera. Venture capital si ngongole. Banki imafuna chikole ndi chiwongola dzanja, pomwe a venture capital amapereka mpamba ku kampani yongoyamba kumene, iwo n'kutenga gawo la masheya ake. Ndalamazo si zawo ayi. Amazitolera kwa mabungwe a penshoni, mabanki a chitukuko ndi anthu olemera, n'kuziika m'thumba limodzi lomwe limakhala zaka pafupifupi 10. Oyendetsa thumbalo kawirikawiri amalandira 2 peresenti pachaka yoyendetsera ofesi, kenako 20 peresenti ya phindu likapezeka. Makampani ambiri olandira mpambawu amagwa, ndipo nthawi zambiri ndi kampani imodzi yokha imene imakula kwambiri n'kubweza ndalama za thumba lonse.

Chachiwiri, onani pamene luso lanu likuperewera. Wa consultancy amatha kufufuza msika ndi kulemba lipoti laukhondo, koma anazolowera kulangiza, kulipidwa, n'kumapita. Mu venture capital mukasankha molakwika mukhala nacho chisankhocho zaka zambiri. Wa IT amazindikira msanga ngati app ikugwiradi ntchito kapena ndi chionetsero chabe, koma mwina sanatsegulepo mabuku a ndalama a kampani. Nonse phunzirani masamu a masheya. Tinene kuti eni kampani akuti mtengo wake ndi K400 miliyoni, inu mwaikamo K100 miliyoni. Gawo lanu ndi 20 peresenti, osati 25, chifukwa ndalama zanu zikalowa kampaniyo yafika pa K500 miliyoni. Ena akadzaikamo zawo, gawo lanulo lidzachepanso. Musaiwale za kwacha: mu November 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo matumba ambiri amawerengera phindu m'madola. Kampani ikhoza kukula m'makwacha koma kwa mwini mpamba ikucheperachepera.

Chachitatu ndiye chimene ndikufuna muchigwiritsitse. Yambani kugwira ntchitoyi wina asanakulembeni. Sankhani mabizinesi asanu omwe mungathe kuwafikira ndi minibasi, ndipo pa iliyonse mulembe masamba awiri ofotokoza ngati mungaikemo ndalama kapena ayi. Kwathu kuno zofufuza sizisowa. Nanazi wa ku Mulanje amaolera m'mbali mwa msewu nyengo yake ikafika, ndiye amene akumuumitsa kapena kumufinya madzi, akugulitsa kuti? Alimi ang'onoang'ono a tiyi amalandira bwanji ndalama zawo akagulitsa masamba? Nthochi za ku Thyolo zinasakazidwa ndi matenda a chisaka, nanga akuchulukitsa mbewu yopanda matenda ndani? Ku Bondo ku Mulanje, kampani ya MEGA imagulitsa magetsi opangidwa ndi madzi a m'phiri. Kamvetseni mmene makasitomala amalipirira.

Mukapita, musakhutire ndi zokamba za mwini bizinesi. Khalani naye pa benchi, mupemphe kope lomwe amalembamo zogulitsa, mulifananize ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba a m'foni mwake. Ine ndinakhalapo ndi mayi wina ku Luchenza amene ankanena kuti malonda akuyenda bwino, ndipo sankanama. Koma titatsegula kope tinapeza kuti pafupifupi katundu yense ankagula ndi munthu mmodzi, wolipira mochedwa. Zoterezi simungazione muli pa kompyuta ku Nairobi, ndipo apa ndi pamene inu wa kuno mumaposera ena.

Dziwaninso kuti si bizinesi yabwino iliyonse imene ikuyenera venture capital. Chigayo chimadyetsa banja, koma sichingakule kakhumi m'zaka zochepa. Dzifunseni ngati katunduyo angadutse pa Muloza kukagulitsidwa ku Mozambique, kapena kufika ku Zambia. Pamapeto pa masamba awiriwo lembani poyera kuti "ndingaikemo" kapena "sindingaikemo", ndi chifukwa chake. Mawu akuti "zikutengera" asiyeni ku consultancy.

Chachinayi, fufuzani khomo. Ndisakunamizeni, ntchito zimenezi m'Malawi muno ndi zowerengeka. Mpamba wambiri wobwera mu Africa umathera ku Nigeria, Kenya, South Africa ndi Egypt, ndipo makampani a venture capital monga TLcom Capital ndi Novastar Ventures ali ndi maofesi ku Nairobi ndi Lagos. Pafupi ndi ife pali mabungwe oika ndalama pa ulimi ndi mafakitale monga AgDevCo ndi MAIIC. Si venture capital yeniyeni, koma kumeneko mungaphunzire kufufuza kampani musanaikemo ndalama. Dream VC imaphunzitsa anthu ofuna kulowa ntchitoyi mu Africa, pa webusaiti ya VC4A mumapezeka makampani ofuna mpamba, ndipo ku mHub, malo osulira mabizinesi atsopano ku Lilongwe, mungadzipereke kuthandiza oyambitsa mabizinesi. Njira ina yabwino ndi kugwira kaye zaka ziwiri mu kampani imene inalandirapo mpamba wotere, monga Yellow yogulitsa zipangizo za sola molipira pang'onopang'ono. Zolemba zanu zija ziikeni pa LinkedIn, mutachotsa zinsinsi za eni ake, ndipo mukapeza kampani yodalirika ilumikizeni ndi oika mpamba. Amakumbukira munthu amene anawabweretsera kampani yabwino.

Chomaliza, musathamangire kusiya ntchito. Poyamba mudzalowa ngati analyst kapena associate, omwe ndi maudindo oyambira, mwina pa malipiro osafika a ku consultancy, ndipo gawo la phindu lija limabwera patapita zaka, makamaka kwa akuluakulu. Sungani ndalama zokwana miyezi ingapo. Pa intavyu yembekezerani funso lakuti ndi kampani iti imene mungaikemo ndalama lero, choncho pitani ndi zolemba zanu zisanu zija, kuphatikizapo za mabizinesi omwe munawakana.